Tsiku limene ndinaimitsa maliro pamlatho

Wezi mwana wanga, ndi inu ang'ono ake, ndalemba izi tsopano pamene ndapuma ntchito ndipo maondo akukana kundiperekeza kutali. Za ubwana wanga mumazidziwa, sukulu ndinalekera giredi seveni, ndinakwatiwa ku Magodi kubanja la a Mtonga, ng'ombe za malowolo zinapita kwathu zonse osatsalako. Za ng'ombezo muzikumbukire, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Ntchito ya m'misewu ndaigwira malo ambiri, pomaliza ndinali kusitolo ya zipangizo ku boma la Lundazi, kupereka mafosholo m'mawa ndi kuwalandira madzulo. Koma pano ndilemba za mlatho wa padamu. Anthu amaikamba mosiyanasiyana nkhani imeneyi, ena mpaka lero amati ine ndinatukwana maliro. Sindinatukwane ayi. Mumve kwa ine mwini.

1992

Chaka chimenechi kunali chilala, chimanga chinapserera chisanamasule. Atate anu a Yotamu anapita kumigodi kukafuna ntchito, kundisiya ndili ndi pakati pa iwe Wezi, ndipo atapita kunangoti zii, ngakhale moni wotumiza pa munthu. Ndinatsala pamudzi wa eni, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo. Inu a masiku ano mumadya mbale imodzi ndi apongozi anu, mwina simungamvetse. Nthawi imeneyo ine sindinkaima pamaso pa apongozi aamuna, a Mtonga. Ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatukira kutchire, kugwada, nkhope kumbali, mpaka adutse. Mawu anga sankapita kwa iwo mwachindunji, awo sankabwera kwa ine. Akafuna madzi akumwa ankauza mwana aliyense amene ali pafupi, ine n'kumva ndili potero, n'kutunga. Sanali munthu wankhanza, anali wosalankhulalankhula, woweta ng'ombe, wokonda tchalitchi. Koma ndinkawaopa kuposa mphenzi, chifukwa ndinkadziwa lamulo la kumeneko: mkamwana akalakwa kwambiri amabwezedwa kwawo, koma mwana amatsala, poti ng'ombe zinapita kale. Iwe utangobadwa, mantha amenewa anandilowa m'mafupa. Ndinkati ndikaswa mbale, n'kuyang'ana kumsana ngati ulipo.

Njala itakula tinamva kuti a zamisewu akulemba anthu, ndi amayi omwe, malipiro ake chimanga chachikasu chija cha chithandizo cha njala. Ndinapempha kudzera kwa apongozi aakazi, iwo anakanena kwa a Mtonga, yankho linabwera loti, "Apite, koma asaiwale kumene anakwatiwa." Ntchito yanga yoyamba inali imeneyo, kusenza dothi pamutu m'beseni kukwirira maenje, iwe uli kumsana.

1993

Chimanga chachikasu chitatha ambiri anabwerera kuminda, koma ine ananditenga m'gulu lopita ku Chikomeni kukaika makalavati, mipope yodutsitsa madzi pansi pa msewu. Kapitawo wathu anali a Daka, munthu wa ku Chipata, wamfupi, wamawu ngati ng'oma, chipewa chake chosachoka kumutu. Kusowa kwa zinthu ndinakudziwira kumeneko. Simenti ikabwera, dizilo palibe. Dizilo akabwera, thalakitala yafa. Wilibala inali imodzi, tayala lake lomangidwa ndi mphira, amuna ankaikanganirana ngati mkazi. A Daka ankangoti, "Tisebenze na vamene vilipo," ndiye kuti tigwire ntchito ndi zimene zilipo, ife n'kumaswa miyala ndi nyundo zoguluka mipini.

Tsiku lina anandiitana. Ndinabwera ndikuyesa andichotsa chifukwa cha mwana. Iwo anandiitana dzina la kwa makolo anga, anati, "Iwe NyaZimba, maso yako siyankhala pansi. Galimoto ikali kutali iwe wamvela kale, wathawa na mwana. Ufuna nchito ya mbendela?" Ndinati, "Bwana, ine ndine wamantha." Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye wamene nifuna. Olimba mtima amagona pa mbendela." Basi anandipatsa ndodo ya nsungwi yokhala ndi nsalu yofiira, yoimitsira magalimoto. Mantha amene ankandichititsa manyazi kumudzi ndi amene anandipezera ntchito.

1994, chilimwe

Anatisamutsira kumlatho wa padamu, panjira yochokera ku boma kupita kwathu ku Magodi. Damulo ndi lalikulu, ana a kumeneko amangoliti nyanja, ndipo msewu umawoloka pamene madzi apanikizika, koma pamenepo m'pozama, madzi ake obiriwira, osaoneka pansi. Mlatho wakale unali wa nthawi ya azungu, njanji zachitsulo pansi, matabwa okhuthala pamwamba, opakidwa phula. Ukauyang'ana pamwamba unkaoneka bwinobwino. Ife tinkamanga watsopano wa konkire pambali pake, koma simenti inasowa, mizati inaima theka, zitsulo zili tu m'mwamba kuchita dzimbiri. Choncho magalimoto onse ankadutsabe pa wakalewo.

Injiniya anabwera, analowa pansi pake ndi bwato, atatuluka nkhope inali ina. Anasiya lamulo, a Daka anandibwerezera mpaka ndinaliloweza: galimoto imodzi imodzi, pang'onopang'ono, ndipo lole iliyonse itsitse anthu ndi katundu wolemera, iwoloke yopanda kanthu. "Olo abwele ndani," anatero a Daka, "olo abusa, olo wa tayi. Mbendela ikakwela, yakwela." Madalaivala ankanditukwana tsiku ndi tsiku, ndinazolowera. Chimene sindinazolowere ndi kulira kwa mlathowo. Ine ndinkaima pamutu pake kuyambira m'mawa, ndinkaumva. Vani ikadutsa unkati kwee, lole yopanda katundu ikadutsa unkabuula ngati ng'ombe yodwala, pakati pake n'kutsika pang'ono, fumbi lofiirira n'kumagwera m'madzi. Ndikaona choncho ndinkagwira kamwendo kako kumsana mpaka galimoto ifike tsidya.

Ndiye kunagwa maliro kwathu. A Yakobe, mng'ono wawo wa a Mtonga, anamwalira kuchipatala cha ku boma. Uthenga unandipeza kukampu ya pantchito m'mawa, ndinati ndipemphe ndipite kumudzi ndikathandize kuphika, koma a Daka anali atalawirira ku boma kukalondola dizilo, ndipo mbendera sungaisiye popanda wokuuza. Ndinaima pamalo panga ndikudziwa kuti njira ya thupi ndi yomweyi, ina kulibe. Ndinkapemphera kuti a Daka afike msanga, kapena thupi libwere pa kavani kakang'ono. Dzuwa linafika pamutu, a Daka osaoneka. Kenaka ndinamva nyimbo.

Inali lole yaikulu yonyamula fodya, nthambi zamasamba zitasomekedwa kutsogolo. Anthu anadzaza thothotho, amayi a chigwirizano atakhala mozungulira bokosi, amuna ataimirira m'mbali, ena pamwamba pa matumba a chimanga chodyera pamaliro. Kutsogolo, pambali pa dalaivala, ndinaona chipewa chakuda cha a Mtonga.

Mukudziwa mwambo wake. Maliro akamadutsa aliyense amapatuka, amuna amavula zipewa, amayi amagwada m'mbali mwa njira. Maliro saimitsidwa, ndipo bokosi likakwera silitsika mpaka pakhomo, chifukwa amati pamene lagunda pansi mzimu umatsala pomwepo. Anzanga onse pamlatho watsopano anaika mafosholo pansi, zipewa m'manja, mitu pansi. Palibe anandiyang'ana. Miyendo yanga inayamba yokha kupita kumbali, kutchire, monga inazolowera ikaona chipewa chija. Ndinaganiza kuti ndikaimitsa lole iyi ndaimitsa apongozi, ndaimitsa maliro a pamudzi pomwe ndinakwatiwa, andibweza kwa makolo anga ndipo Wezi atsala. Ndinayang'ananso anthu aja, kuyang'ana pakati pa mlatho pamene pamatsika, kuyang'ana madzi. Sindikudziwa kuti ndinasankha nthawi yanji. Ndinangopezeka ndili pakati pa msewu, mbendera m'mwamba.

Lole inaima pafupi kwambiri moti kutentha kwa injini kunandiwomba kumaso. Dalaivala anatulutsa mutu. "Iwe mayo, choka pamseu! Suona ni malilo aya?" Ine osasuntha, iye anapitiriza. "Napitapo kambili pano na fodya, na feteleza. Ni mwamuna wako mlatho uyu kuti uziukanizila?" Ena kumbuyo anaseka pang'ono, n'kukumbukira kuti ali pamaliro. Nyimbo inazima. Pamenepo ndinamva mawu a ankhazi, mlongo wawo wa a Mtonga, mayi wolusa amene ankayendetsa zonse za pabanjapo. "Kodi si mkamwana wathu uyo? Waimirira! Waimirira pamaso pa apongozi ake ngati msilikali! Mayo ine, ng'ombe zathu zinapita kukagula chiyani?"

Ndinagwada pomwepo pafumbi, pakati pa msewu, nkhope kumbali monga mwa ulemu, koma dzanja la mbendera silinatsike. Kulankhula ndi apongozi sindikanatha, ndipo mwana woti ndimutume panalibe wina koma iwe, amene unali usanadziwe n'kutchula komwe dzina lako. Ndinakumasula kumsana ndi dzanja limodzi, ndinakukhazika pamaondo panga kuyang'ana kulole, ndinayamba kulankhula ndi iwe mokweza.

"Wezi, uwauze agogo ako kuti pepani, pepani kwambiri. Uwauze kuti amayi ako akulira nawo maliro a agogo aang'ono. Uwauze kuti mlathowu ndi wodwala m'kati, amayi ako amaumva tsiku lililonse, sungathe kunyamula anthu onsewa pamodzi. Uwauze kuti anthu atsike awoloke wapansi, lole ibwere pambuyo. Wezi, uwauze agogo ako kuti amayi ako sadzuka pano."

Iwe unkangoyamwa chala, kuyang'ana nthambi za palole.

Kenaka chitseko cha lole chinatseguka. Sindinawayang'ane a Mtonga, ndinangoona nsapato zawo zikutsika, ndi kanthambi kamene ananyamula m'manja kuchokera kuchipatala, kotsogolera mzimu wa m'bale wawo kumudzi. Nsapatozo zinaima patsogolo panga nthawi yaitali. Ndinakukumbatira ndi dzanja limodzi ndikuyesa akutenga pomwepo. Koma anatembenuka, anapita kumbuyo kwa lole, ndipo ndinawamva akulankhula ndi bokosi m'Chitumbuka, mofatsa ngati akudzutsa munthu wogona. "Yakobe, mwana wa amama, pano sitinafike. Pano m'pamadzi. Titsika galimoto, tikunyamula pamapewa. Usatsale pano, tiye kwathu." Atatero anauza amuna aja, "Lisagunde pansi."

Bokosi linachoka palole kupita pamapewa osakhudza dothi. Anzanga a pantchito, omwe aja anaweramitsa mitu, anathamanga kudzalandira. A Mtonga anatsogola ndi kanthambi kawo, akulankhulabe ndi m'bale wawo, bokosi pambuyo. Amayi anayambanso nyimbo. Ine ndili chogwada ndinkatsitsa mbendera kulola kagulu, kuikwezanso, kulola kena, ndipo ankhazi podutsa anandilavulira malovu pafupi ndi bondo. Matumba a chimanga anawoloka pamitu. Pomaliza lole inalowa yokha, mlatho unabuula monga mwa masiku onse, fumbi lija linagwera m'madzi, lole inafika tsidya. Palibe chinathyoka. Dalaivala anakuwa ali tsidya lija, "Waona? Wagwa mlatho wako?"

1994, dzinja

Maliro ataikidwa banja linakhala pansi, ine ndili kuseri kwa nkhokwe ndi amayi ena, iwe pamiyendo. Ankhazi sanazungulire. Anati ndachititsa manyazi mudzi wonse pamaso pa alendo, ndatsitsa maliro panjira chinthu chosachitika, ndalankhula mokweza kwa apongozi ndikunamizira khanda, ndipo mlathowo sunagwe n'komwe. "Abwerere kwawo kwa a Zimba ndi kansalu kake kofiira. Mwana ndi wathu, atsale." Ena anavomereza. Apongozi aakazi ankangolira. Onse anadikira a Mtonga, kenaka iwo anati, "Ndamva. Misozi ikadali m'maso, munthu saona bwino. Nkhaniyi tidzaikamba tikakolola."

Sanandibweze, komanso sanandikhululukire. Anangoipachika nkhaniyo pamwamba panga ngati dzungu la padenga. Miyezi imeneyo sindidzaiiwala. Sindinkakusiya ndi munthu aliyense, ngakhale popita kuchitsime, ngakhale apongozi aakazi akati bwera naye ndimusambitse ndinkapeza chonamizira. Unali utayamba kale kuyenda, koma ine ndinkakuberekabe mpaka msana kuwawa. Kumudzi anandipatsa dzina, NyaMbendera, ana ankati akandiona amakweza tsamba la nthochi n'kugwada, anzawo n'kumafa ndi kuseka. A Daka nditawafotokozera anangoti, "Wachita bwino. Boma siziba apongozi." Ndinati, "Bwana, nanga akanditengera mwana, boma lidzandibwezera?" Anavula chipewa chija, koyamba kuona ine, n'kukanda mutu. Ndipo mlatho unali chiimire. Tsiku lililonse unkanyamula magalimoto, tsiku lililonse ndinkadzifunsa ngati ndinataya mwana wanga chifukwa cha mantha achabe. Mulungu andikhululukire, masiku ena ndinkafuna thabwa limodzi lithyoke popanda munthu, kuti anthu aone.

1995

Simenti inabwera mvula itatha. Tinathira konkire mothamanga, amayi kutunga madzi m'damu kuthirira kuti isang'ambike, ndipo chimanga chisanaume m'minda mlatho watsopano unatsegulidwa. Wakale anati tiuphwasule. Njanji zachitsulo zinapita ku boma, matabwa a Daka anati anthu a m'midzi atenge, poti ambiri ankawasirira kuti amangire makola ndi zitseko. Kukolola kunali kutayamba, ndipo ine ndinkadziwa kuti tsiku la nkhani yanga layandikira.

M'mawa wina ndinaona ngolo ya ng'ombe ikubwera, ng'ombe zake ndinazidziwa zisanafike. A Mtonga anabwera kudzatenga matabwa a khola. Ndinapatuka, ndinagwada kuseri kwa mulu wa mchenga, koma maso anga mukuwadziwa, sakhala pansi. Anasankha thabwa lalikulu la pakati pa mlatho, lakuda bwino ndi phula, losalala. Analigogoda ndi msana wa nkhwangwa kuti amve kulimba kwake. Nkhwangwa inalowa. Inangoti phwa, ngati aponda chigoba cha dzungu louma, ndipo m'katimo munatuluka dothi lofiira ndi chiswe chili yakaliyakali. Anagogoda lina, chimodzimodzi. Lina anangolitobola ndi chala. Phula lija ndi limene linkagwira khungu lokha, m'kati chiswe chinadya kalekale. Anyamata a pantchito anayamba kuseka kuti khola lake ng'ombe zidzatuluka ndi mphuno, koma ataona nkhope yawo analeka.

A Mtonga anapita pamphepete, pamene panali mutu wa mlatho wakale, anaima kuyang'ana madzi obiriwira aja nthawi yaitali, nkhwangwa ili m'manja. Sindikudziwa chimene ankaona. Ine ndinkaona amayi a chigwirizano atazungulira bokosi.

Iwe unali utatsika kumsana, ukusewera ndi timiyala pafupi nane. Ndinamva akuitana, "Wezi, bwera kuno." Dzanja langa linafuna kukugwira, ndinaliletsa. Unapita uku ukudzandira, iwo anagwada pa bondo limodzi, munthu wamkulu ngati uja, anakupukuta mamina ndi chala, n'kulankhula mokweza kuposa mmene mwana amafunira kuti amve.

"Wezi, ukawauze amayi ako kuti munda uja wa kumunsi kwa chulu, umene ankalima agogo ako a Yakobe, chaka chino alime iwo. Ukawauze kuti ayambe msanga kusosa, uli ndi zitsa zambiri. Wamva?"

Anadzuka, anakwera ngolo yopanda thabwa ngakhale limodzi, anabwerera. Nkhani ya pambuyo pa kukolola sinakambidwenso, ankhazi anang'ung'udza mpaka kutopa. Munthu amene akubwezedwa kwawo sapatsidwa munda. Atate anu atabwerako kumigodi chaka chotsatira, chimanjamanja, anapeza nkhokwe ili ndi chimanga cha m'munda umenewo, ndipo nonse ang'ono ake a Wezi mwakulira nsima ya kumunsi kwa chulu. A Mtonga anakhala zaka zina zambiri, ndipo mpaka kumwalira kwawo sitinalankhulanepo mwachindunji ngakhale liwu limodzi.

Tsiku lija unabwerera kwa ine kuseri kwa mchenga, ine misozi ili chuchuchu, ndinakufunsa kuti, "Agogo akuti chiyani?" Unandiyang'ana, unatsegula dzanja kundionetsa kamwala, n'kukwera pamiyendo kufuna bere. Uthenga wanga sunaufikitse kwa agogo ako, wawonso sunaufikitse kwa ine. Pa amithenga onse amene ndagwira nawo ntchito m'boma, iwe Wezi ndiwe unali waulesi kuposa onse, koma palibe wina ananditumikira ngati iwe.